Zomveka Pakona ku Dalton, Kwawo kwa Kapeti

Bwerani muime pambali panga, pamthunzi wa sitolo iyi mu Hamilton Street, m'tauni ya Dalton. Tcherani khutu, pabenchi apo pali nkhani. Kuno ndi ku Whitfield County, boma la kumpoto chakumadzulo kwa Georgia, ku America. Kumadzulo kwatchinga phiri la Rocky Face, kum'mawa kukuyenda mtsinje wa Conasauga, ndipo mumsewu waukulu wa I-75, wochokera ku Atlanta kulowera ku Chattanooga, mathiraki sapuma kutuluka ndi mipukutu ya kapeti.

Pabenchipo pakhala agogo aakazi, tsitsi lili mbuu, chikwama pamiyendo. Pambali pawo pali mfana wongoweruka kumene shifiti ya usiku, khofi m'manja, timaulusi tili mbwee pamapewa. Makolo ake ndi ena mwa anthu ambiri amene anachoka ku Mexico kudzatakata m'mafakitale a kuno cha m'ma 1990. Agogo aja atambasula dzanja, atola kaulusi paphewa pake, akukaunika padzuwa.

"Nayiloni uyu," akutero. "Ife tinayamba ndi thonje, mwanawe."

"Munagwirako fakitale iti, agogo?"

"Fakitale? Pakhonde! Amayi anga ankasoka, ine ndili pansi kuwagwirira sizasi."

Taonani zala zawozo. Zikulasa singano yosaoneka, kukoka, kudula. Mfana uja waiwala khofi wake.

Sakukokomeza ayi. M'ma 1890 mtsikana wa kuno, Catherine Evans, anaona nsalu yakale yoyala pabedi yokhala ndi timphonje ta ulusi, nayesa mpaka anaudziwa msokowo. Mu 1900 anagulitsa imodzi pamtengo wa $2.50. Maoda atachuluka anaphunzitsa anansi, anansiwo n'kuphunzitsa anzawo, geni n'kuyaka. Amuna ankazungulira m'midzi kusiya nsalu ndi ulusi, n'kudzatenga zosokedwa. Mphepete mwa msewu wa U.S. 41 amayi ankayanika nsaluzo pazingwe kuti apaulendo opita ku Florida agule, ndipo zambiri zinali ndi chithunzi cha mbalame ya pikoko, mpaka msewuwo unatchuka kuti Peacock Alley. M'ma 1930 amisiri anasintha makina osokera a Singer kuti azisoka timphonjeto, ndipo pofika m'ma 1950 makina anali atakula moti ankasoka kapeti ya m'chipinda chonse.

"Makina anga ali ndi singano mazanamazana, agogo," akutero mfana uja, chifuwa patsogolo.

"Msoko wake ndi womwewo," ayankha agogo. "Kungoti inu mumathamanga."

Sitima yakatundu yalira kuseri kwa masitolo, onse akhala chete kudikira ithe. Madala wina wa kapusi, amene wakhala akunamizira kuwerenga nyuzi, wapeza polowera.

"Mukuyamikira singano, njanji mwaiiwala? Popanda iyoyo pano bwenzi pali tchire."

Nayenso sakunama. Njanji ya Western and Atlantic ndi imene inakuza tauniyi, yomwe inkatchedwa Cross Plains isanakhale Dalton mu 1847. Njira ya sitima yoboola phiri ku Tunnel Hill inatha mu 1850, ndipo boma la Whitfield linakhazikitsidwa mu 1851. Njanji yomweyo inakoka nkhondo yapachiweniweni ya ku America: asilikali a General Joseph Johnston anagonera pano nyengo yozizira ya 1863 mpaka 1864. Agogo akweza chala. "Nanga eni dziko?" Madala avula kapusi, akanda mutu. Onse akudziwa kuti a Cherokee anathamangitsidwa kuno mu 1838, paulendo wa misozi wopita kumadzulo.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti anthu atatuwa, osiyana msinkhu ndi kochokera, akukambirana mbiri ya boma lawo ngati nkhani ya pamudzi, aliyense akuponyapo yake. Makampani aakulu alipo, Shaw Industries likulu lake lili pompano, koma pabenchipo palibe akutchula bwana. Akutchula manja: a amayi pakhonde, a amuna amene anaboola phiri, a mnyamata amene wachezera usiku pamakina. Dera limene limakumbukira kuti chuma chake chinayamba ndi mtsikana ndi singano silivutika kulemekeza wantchito wobwera dzulo, chifukwa limadziwa kuti luso limachita kuphunzitsana.

Nkhani yafika pa 2008, pamene ntchito yomanga nyumba inagwa m'America monse, mafakitale n'kuchotsa anthu ambiri. Madala akupukusa mutu: "Chaka chimenecho zinatishupa." Mfana uja akuti mlongo wake sali ku kapeti, ali ku Qcells, fakitale yopanga mapanelo a sola imene inatsegulidwa mu 2019.

"Amasokako chiyani kumeneko?" afunsa agogo.

"Sasoka, agogo. Amalumikiza magalasi ogwira dzuwa."

"Bola manja akugwira. Umuuze aphunzitse mnzake, asabise luso. Kuno tinadya chifukwa chosabisirana."