Ngongole ya miliyoni yasanduka K1

Kuno ku Marapodi munthu akangogula laputopu yasalaula, mawa lake ndi injiniya. Nanga ine nditsalirenji? Mphwanga wa ku Matero atandionetsa Python, chilankhulo cha kompyuta chomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, ndinalengeza kuti kope la ngongole la pa kantemba kathu lapuma pantchito.

M'kopemo muli ngongole za makedzana. Paja pa 1 January 2013 Bank of Zambia inadula maziro atatu pa kwacha, K50,000 n'kukhala K50. Ngongole za 2012 zinafunika kumetedwa chimodzimodzi. Mphwanga anati mu Python muli lamulo la replace: umaliuza zilembo zoti lifufuze ndi zoti liikepo m'malo mwake. Ndinalemba replace("000", ""), kutanthauza kuti paliponse pali maziro atatu, fufuta.

Pa 50000 panatuluka 50. Ndinaitana amayi a kunyumba kuti adzaone mwamuna amene anakwatiwa naye.

Kenaka tinafika pa dzina la alamu, omwe anakongola 1000000 kalekale n'kumatilonjeza kumapeto a mwezi osatchula mwezi wake. Lamulolo linameza maziro atatu oyamba, linaona ena atatu, linamezanso. Panatsala 1. Mnzathu wina wa 10005 anatsala ndi 15.

Alamu, omwe samva foni ikamalira, tsikulo nkhani anaimva msanga. Anafika atavala jekete, n'kuika kakobili ka K1 pathebulo.

"Alamu, kompyuta sinama. Ndilembereni lisiti."

Zoona, sinama. Kungoti replace sadziwa ndalama. Kwa iye 1000000 ndi mndandanda wa zilembo basi, ndipo amasesa paliponse pamene wapeza zomwe wauzidwa, pokhapokha umuuze kuti asinthe kangati. Chofunika chinali kusandutsa zilembozo kukhala nambala ndi int, kenaka kugawa ndi 1000. Mwana wa giredi 5 akanatha ndi pensulo.

Mwayi wake, mu Python replace sakhudza mawu oyambawo, amangopanga atsopano. Miliyoni ya alamu ikadalipo, ndipo pa ndalama za lero ndi K1,000. Amayi a kunyumba alanda laputopu, akuti ikhale yoonerapo mafilimu.

Inu a ku Kanyama ndi ku Chawama amene mwayamba kuphunzira zimenezi, yesani kaye pa dzina la munthu amene alibe nanu ngongole. Ndipo alamu, ngati mukuwerenga, kwatsala K999.