Mmene ndinasokonezera kabokosi ka apongozi

Apongozi anga ali ndi malo ogona alendo ku Senga Bay, ndipo magetsi ake onse ndi a sola. M'stolo, pambali pa inverter, pali kabokosi kachitsulo kotchedwa gateway. Mbali ina kamalandira mawaya awiri a RS-485 ochokera ku inverter, mbali inayo chingwe chopita ku router. Ntchito yake n'kutenga zomwe inverter ikunena, monga moto wotsala m'mabatire, n'kuzifikitsa pakompyuta ya muofesi.

Mphezi itawotcha router m'dzinja, anagula ina, koma manambala pakompyuta sanabwerenso. Apa m'pamene ndinadzichemerera. "Bambo, musataye ndalama kuitanitsa munthu ku Lilongwe. Zimenezi n'zazing'ono." Chonsecho ukatswiri wanga unkathera pa kuikira anthu akutchalitchi WhatsApp m'mafoni.

Ndinalumikiza laputopu kukabokosiko monga ndinaonera pa YouTube, tsamba n'kutseguka. Pa Socket Settings panalembedwa TCP Server, port 502. Nambala imeneyi sinandisangalatse. M'mavidiyo ndinkaona 8080, yooneka yamakono, ndiye ndinaika yomweyo. Pamenepo n'kuti ndatseka khomo lenileni, chifukwa 502 ndi port yomwe Modbus TCP, chilankhulo cha kabokosi ndi kompyuta, imadzera kulikonse padziko. Zitakanika, ndinasintha Server kukhala Client. Pulogalamu ya muofesi nayonso inali Client. Zinangokhala ngati alendo awiri pakhonde, aliyense akuti odi, m'nyumba mulibe wovomera.

Vuto lenileni linali limodzi basi. Router yakale inkagawa maadiresi oyamba ndi 192.168.1, yatsopanoyi 192.168.8, pomwe kabokosi kanali kadakali pa adiresi yakale. Izi ndinazitulukira dzuwa litapendeka, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Mwachimwemwe ndinathamangira kulemba 192.168.8.50, koma chala chinagunda 8 kawiri osaona. Ndinadina Save. Timagetsi tinazima n'kuyakanso, tsamba osatsegukanso. Ndinayesa adiresi yakale, zii. Yatsopano, zii.

Apongozi anasuzumira pakhomo. "Akamwini, zikutheka?"

"Zikuyenda bambo, kwangotsala pang'ono."

Ndinakabwereka pini kwa mlamu wanga, n'kubaya kabowo kolembedwa Reset mpaka timagetsi titaphethira. Tsamba linatsegukadi, pa adiresi ya kufakitale yolembedwa kunsi kwa kabokosi, mtima n'kukhala pansi. Koma zonse zomwe mmisiri anatchera poika makinawa zinali zitafufutika. Baud rate inachoka pa 9600 n'kufika pa 115200, moti ngakhale inverter ndi kabokosi, zomwe mphezi inazisiya zikumvana bwinobwino, zinasiya kulankhulana. Sindinajambule kalikonse ndisanayambe kugwiragwira, ngakhale foni inali m'thumba momwemo.

Mmisiri uja anabwera ndithu kuchokera ku Lilongwe, mtsikana wachichepere wonyamula kachikwama kumsana. Anabwezera Server, 502 ndi 9600, n'kulemba adiresi yoyenera, tiyi amene anamupatsa asanazizire. Kenako anandiyang'ana, apongozi ali pomwepo.

"Achimwene, anagwira apa ndani?"

"Mwina mphezi ija," ndinayankha ndikuyang'ana kudenga.

Anawerama n'kutola kanthu pansi pa inverter. "Mphezi ya kuno imayenda ndi pini?"

Apongozi sananene kanthu, anangotsokomola. Ndalama ya mafuta a galimoto ya mmisiri ndinalipira ndine, kupita ndi kubwera. Kiyi wa stolo tsopano amasunga apongozi aakazi, womangirira pansonga ya chitenje.