Ndinatola Nyenyezi Kuseri kwa Khitchini

Ine ntchito yanga ndi yopikula usipa pagombe n'kukaugulitsa m'mbali mwa msewu wa M5, ndipo munthu wa ntchito imeneyi amalidziwa thambo kuposa denga la nyumba yake. Timadikira mabwato kuyambira tambala woyamba, maso ali panyanja pomwe nyali za asodzi zimandandalika ngati tauni ina imene boma linaiwala kuilambulira msewu. Ndiye tsiku lina kumayambiriro kwa Disembala, ndili chigonere pamchenga, beseni nditatsamira, chinthu chinang'anima kumwamba n'kudutsa kuti pyuu, kuchokera cha ku Likoma kulowera kumapiri a Viphya.

Agogo ankati nyenyezi ikathothoka ndiye kuti kwinakwake kwagwa munthu wamkulu. Anzanga a pabawo amati imakhala ndege ya afiti yatha mafuta. Ine ndine munthu wopemphera, zotere sindizikhulupirira, n'chifukwa chake ndinathawa mwaulemu, mosakuwa, mpaka ndinakapunthwa pabwato la eni ake n'kusupuka bondo.

M'mawa mwake mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira ku yunivesite ku Mzuzu, anandipeza ndikuthira mchere pachilonda. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira mtengo wa mango.

"Asibweni, imene ija si nyenyezi. Ndi kamchenga chabe."

Ndinamuuza kuti mchenga ndimaudziwa, ndimagonapo, ndipo sunayambe wayakapo moto. Iye anati mchenga wa pagombe suyaka chifukwa ndi waulesi ngati ine. Wa kumwambawo umalowa mumpweya wa dziko lathu pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi imodzi. Pa sekondi, osati pa ola. Kuchokera kuno ku Chintheche kukafika pa Nkhata Bay ndi makilomita ngati 40, ulendo umene minibasi imaudya maola awiri ikamaima paliponse pomwe kondakitala waona munthu akukanda m'mutu. Kamchengako akuti kafika usanamalize kunena kuti "yewo". Ndiye kamapsa kali m'mwamba, makilomita 80 mpaka 120, phulusa lake osalipeza.

Chimene chinandipweteka kuposa bondo n'chakuti kuli anthu amene amalandira malipiro pa ntchito yowerenga timchenga timeneti. Ku Canada, pafupi ndi katauni ka Tavistock, akatswiri a Western University anazika milongoti m'munda, makina ake dzina lake CMOR. Ndi rada. Imaponya mafunde a wailesi kumwamba n'kutchera khutu. Kamchenga kakamapsa kamasiya mkwasa wa mpweya wodzala mphamvu ya magetsi, ndipo mafunde aja akagunda mkwasawo amabwerera, monga mmene phiri la ku Usisya limakubwezera mawu ukakuwa. Zimachitika nthawi yosakwana kuphethira, koma popeza milongoti yomvetsera ili m'malo angapo otalikirana, amatha kuwerengetsa liwiro la kamchengako, mbali imene kachokera, ngakhale njira imene kankayenda pozungulira dzuwa. Masauzande angapo tsiku lililonse. Ine nkhuku zanga zisanu ndi ziwiri ndimaziwerenga katatu madzulo, yankho n'kumatuluka losiyana.

Akuti zinayamba nkhondo yachiwiri itangotha. Mu 1945 Bernard Lovell anatenga rada yotsala ya asilikali n'kukaiimika pamalo otchedwa Jodrell Bank ku England, ndipo pofika 1947 anali atapeza kuti timiyala tina timagwa mwaunyinji masana dzuwa likuswa mtengo, pamene diso silingaone kanthu. Rada ilibe nazo kuti kuli mitambo kapena kwacha. Ndinafunsa chifukwa chake ine ndimaziona kwambiri m'bandakucha. Mnyamatayo anati ndikumbukire minibasi ikalowa mu nkhungu zikamatuluka m'nyanja: galasi lakutsogolo limada bii, lakumbuyo lili mbee. M'bandakucha, akuti, ife timakhala takhala kutsogolo ndi dalaivala.

"Nanga akawerenga amagulitsa kwa ndani?" Funso la munthu wa bizinesi.

Anati ziwerengerozo zimapita kwa anthu ngati a NASA, amene ali ndi ofesi yoona za timiyala timeneti ku Huntsville, Alabama. Kumeneko amazithira mu kompyuta n'kupanga chithunzi cha mmene fumbili layalira mozungulira dziko: lochuluka bwanji, lothamanga bwanji, lochokera kuti. Wopanga setilaiti amafunsa chithunzicho asanaganize kuti khoma lake likhale lochindikala bwanji ndiponso kuti mbali yosalimba ayilozetse kuti. N'chimodzimodzi mwini chilimira kufunsa za mwera asanakankhe bwato. Mu Meyi 2022 kamchenga kamodzi kanagunda galasi la James Webb, makina oonera zakuthambo amene anadya ndalama za ku America pafupifupi 10 biliyoni, n'kusiya chipsera chimene palibe angapite kukachikonza. Ndinamva chisoni pang'ono, koma ndinakumbuka kuti galasi la foni yanga linasweka ndi chigongono changa chomwe, popanda thandizo la kumwamba.

Kenako mnyamata uja analakwitsa. Anandiuza kuti nthawi zina imagwa miyala yeniyeni, ndipo kuno ku Malawi inagwapo: ku Zomba mu 1899, ku Chisenga mu 1988, ndi waukulu wa ku Machinga pa 22 Januwale 1981, wolemera makilogalamu 93. Anawonjezera, ngati nkhani yongodutsa, kuti kunja kuli anthu amene amagula miyala yotere ndi ndalama zambiri. Zonse za milongoti zija zinauluka m'mutu mwanga, munangotsala mawu akuti "amagula".

Anatinso usiku wa pa 13 ndi 14 Disembala timiyala timagwa mochuluka chaka chilichonse, ndipo munthu akatchera wailesi ya FM pomwe palibe siteshoni, nthawi zina amamva siteshoni yakutali ikulankhula kamphindi, mawu ake atagunda mkwasa uja. Ndinati basi, rada ndili nayo. Pa 13 ndinatenga wailesi ya mayi a kunyumba, ija amamvera uthenga wa maliro, n'kukakhala nayo pagombe. Kumwamba kunali mitambo yokhayokha, Disembala wa kuno mukumudziwa. Ndinamvetsera "shiiii" maola anayi, udzudzu ukundiyesa phwando. Asodzi ena podutsa anandipatsa moni motsitsa mawu, mmene amapatsira munthu amene zayamba kumusokonekera. Cha m'ma 2 koloko ndinamva mawu a munthu, mtima unagunda, koma anali mlonda wa pa loji yapafupi akufunsa ngati ndili ndi fodya. Mabatire anatha, mvula inayamba, ndinabwerera.

Nditangogona, padenga panamveka kuti phoo! Malata onse ananjenjemera. Ndinadzuka ngati mnyamata wa zaka 20. Ndinatuluka ndi kabudula yekha, tochi ilibe moto, n'kuyamba kufufuza ndi manja m'matope. Kuseri kwa khitchini dzanja linagunda mwala. Wakuda. Wolemera. Ndipo, abale anga, wofunda. Ndinagwada pomwepo n'kuthokoza. Ndinaukulunga m'chitenje, n'kuulowetsa pansi pa bedi, ndipo mpaka kucha ndinali nditagula kale injini ya boti, malata atsopano, ndi suti yopitira ku Huntsville kukawafotokozera anzanga a sayansi.

Kutacha ndinadzidzimuka ndi mawu a mayi a kunyumba akulankhula ndi mudzi wonse. Dzulo lake anaphikira panja chifukwa cha utsi, ndipo tsopano amafuna kudziwa mfiti imene yaba fuwa limodzi n'kusiya awiri. Mphika wa kondowole ukhala bwanji pa mafuwa awiri? Mdzukulu wanga wamng'ono, amene ndimamugulira masiwiti ndi ndalama zanga, ndiye analoza chala: "Agogo aika mwala pansi pa bedi, auveka chitenje chanu cha ku Chigwirizano."

Anautulutsa pamaso pa anthu, mwaye uli chitenje chonse. Sanakalipe. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ada, mukamaliza kufufuza zakumwamba, mukwere padenga muchotse bango lagwa usiku lija lisanaole."

Ndinakwera. Linali bango ndithu, lalikulu, lakupsa bwino, litaphulika mbali imodzi. Ndinadyera pomwepo padengapo, chifukwa pansi panali anthu ambiri ofuna kundifunsa mafunso.