Chikwama cha a Mbewe

Sewero la pawailesi

MALO: Mzinda wa South Bend, ku Indiana m'dziko la America, komwe kumakhala Amalawi ambiri. Nyumba ziwiri zoyandikana, pakati pali mpanda wamatabwa. Ndi Loweruka m'mawa.

ANTHU: A Mbewe, amene angoyamba kumene masewero a disc golf, oponya zimbale m'madengu a maunyolo. A Nachisale, namwino, amene masewerowa adawayamba kale.

(Chinthu chikuuluka: fyuuu! Kenako phwa! m'masamba.)

NACHISALE: Mayo ine nkhwani wanga! A Mbewe! Dzukani kuseri kwa mpandako, chipewa chanu ndachiona!

MBEWE: Aa, mayi a Chisomo, mwadzuka bwanji? Ndimayesa muli kuntchito.

NACHISALE: Ndangoweruka ya usiku. Ndimati nditsinzineko, koma chimbale chanu chadula mphukira ya dzungu langa. Mukudziwa kufupika kwa nyengo yotentha kuno?

MBEWE: Ndi mphepo, aneba.

NACHISALE: Mphepo yake iti? Zovala pachingwepa zangoti zii.

MBEWE: Ndiye mwina si changa.

NACHISALE: Kumbuyo kwake mwalemba dzina lanu, nambala ya foni, n'kuwonjezeranso kuti wotola adzalandira mphoto. Ndatola. Mphoto ili kuti?

MBEWE: Iyayi, ndimangoyesa midrange yatsopano, chimbale choponya pamtunda wapakati. Mawa tili ndi mpikisano kupaki.

NACHISALE: Yatsopano inanso? Tabweretsani chikwamacho, ndione.

(Kulira kwa zipi. Zimbale zikugundana.)

NACHISALE: Buzzz yofiira. Buzzz yobiriwira. Buzzz ina yowala usiku. Hex ziwiri. Mako3. Buzzz zinanso zitatu! Bambo a Tadala, ma midrange 9 m'chikwama chimodzi, ndipo onse ndi oyenda mowongoka?

MBEWE: Mitundu yake ndi yosiyana.

NACHISALE: Mtundu suuluka. Mwagula mithiko 9, chipande mulibe. Nsima muomola ndi chiyani?

MBEWE: Musanyoze Buzzz, mayi. Chimbale chimenechi a Discraft adachitulutsa mu 2003, mpaka lero anthu akuchilimbirana. Paul McBeth amachiponya, ndipo iye adatenga ukatswiri wa dziko lonse kokwana ka 6. Mu 2021 kampaniyo idasainirana naye mgwirizano wa madola 10 miliyoni.

NACHISALE: Inu idasainirana nanu wa zingati?

MBEWE: Ine tikukambirana.

NACHISALE: Buzzz sindikuinyoza, nanenso ndili nayo. Imodzi. Tawerengani manambala alembedwa pamwambapo.

MBEWE: 5, 4, -1 ndi 1.

NACHISALE: Pa Hex?

MBEWE: 5, 5, -1 ndi 1.

NACHISALE: Mwamva? Yoyamba ndi liwiro limene chimbale chimafuna, yachiwiri ndi kukhalitsa kwake m'mwamba. Koma zofunika ndi ziwiri zomalizazo. Ife oponya backhand ndi dzanja lamanja, yachitatu ikakhala yotsika kwambiri, monga -3, chimbale chimapendekera kumanja chikadali pa liwiro. Yachinayi ikakula, chimagwera kumanzere mwamphamvu mphamvu zikatha. Zanuzi zonse ndi -1 ndi 1, kupatula Mako3 ya 0 ndi 0. Mtengo ukaima pakati pa inu ndi dengu, muuzungulira ndi chiti?

MBEWE: Ndimaupempherera.

NACHISALE: N'chifukwa chake mitengo ya kupaki ija yatha makungwa.

MBEWE: Imani kaye. Manambala mukuwalambirawo amalemba ndani? Ndi kampani yomwe ikugulitsayo! Bungwe la PDGA limayeza kukula kwa chimbale, kulemera kwake, kulimba kwake ndi zina zotero. Kauluke sayeza. Ndiye -1 wa Discraft ndi -1 wa Axiom, opanga Hex, angafanane bwanji? Wogulitsa sanena kuti katundu wake ndi wokhota.

NACHISALE: Apo mwanena zoona.

MBEWE: Bwerezani mokweza, amve mayi a Tadala m'nyumbamo.

NACHISALE: Ndati mwanena zoona kamodzi, musachite nazo phwando. Manambala ndi ongolozera. Koma ngati ndi bodza lokhalokha, bwanji zimbale zanu zonse 9 zimagwera malo amodzi?

MBEWE: Ndiye kudalirika kwake kumeneko.

NACHISALE: Zimagwera kumanzere, bambo, pamene dengu lili kutsogolo. Ndimakuonani pawindo. Mkono wanu sufikitsa liwiro limene chimbale chikufuna, komanso mumachitulutsa mphuno italoza kumwamba. Chimakwera, chimaima, n'kugwera kumanzere. Kwa inu ngakhale chowongoka chimasanduka chokhota.

MBEWE: Mkono wanga uno? Umene unkagwetsa mango ku Ntcheu ndi mwala umodzi?

NACHISALE: Mango sankafuna kuti mwala uzungulire. Pezani Meteor. Manambala ake ndi 5, 5, -3 ndi 1. M'manja mwa katswiri imathawira kumanja, koma m'manja mwanu idzayenda mowongoka. Musatengenso ya magalamu 180 ngati izi. Funani yopepukirapo.

MBEWE: Zimbale za ana a sukulu zimenezo!

NACHISALE: Ana a sukuluwo akukuposani. Ine ndimanyamula ma midrange atatu okha. Buzzz ya njira yowongoka. Meteor ndikafuna kukhotera kumanja kapena kudutsa mumkwaso wa m'nkhalango. Ndiye Roc, ya 4, 4, 0 ndi 3, ya tsiku limene mphepo ikuomba kumaso, chifukwa mphepo yotere imatembenuza chimbale chofewa n'kuchiponya kuthengo. Roc siitembenuzika wamba. Ntchito zitatu, zimbale zitatu.

MBEWE: Atatu okha, eti? Nanga chikwama chanu chili pakhondepo, tiyeni titsegule.

NACHISALE: Musagwire katundu wanga!

(Zipi. A Mbewe akuseka.)

MBEWE: Ehe! Roc. Roc ina. Roc yachitatu! Wakuba wagwira wakuba mnzake! Ndipo iyi bwanji, agalu amadyerapo?

NACHISALE: Bweretsani kuno, imeneyo ndi chuma. Zimenezo ndi za pulasitiki ya DX, yotchipa, yosachedwa kuperepeseka. Roc yatsopano imagwera kumanzere. Ikagunda mitengo kwa miyezi ingapo imayamba kuwongoka. Ikakalamba ngati iyi imapita kumanja. M'manja zimamveka chimodzimodzi, m'mwamba zimayenda njira zitatu. Akatswiri akhala akuchita zimenezi kuyambira kale. Ken Climo, amene adatenga ukatswiri wa dziko lonse ka 12, Roc ndiye idali mnzake.

MBEWE: Ndiye inu mukabwereza ndi luso, ine ndikabwereza ndi uchitsiru?

NACHISALE: Zanuzo ndi za pulasitiki yodula. Imeneyo sikalamba msanga. Zidzauluka mofanana mpaka Tadala adzakwatiwe.

MBEWE: Roc yanuyo ndidaiyesa. Ili ndi kamzere kotukuka pansi pa mkombero, kamandikola chala.

NACHISALE: Chifukwa chimenecho ndiye chomveka. Chimbale chosakukhalani bwino m'manja musachikakamire, ngakhale atachitama ndani. Tengani china chosatembenuzika, chopanda kamzereko, monga Zone. Koma khalani nacho chimodzi cha mphepo.

MBEWE: Kunena kwanu ndiye kuti ndigule ziwiri zina.

NACHISALE: Ndikuti muchotse 7, mulowetse ziwiri!

MBEWE: Mayi, inu masewerowa mumawadziwa ndi mutu, ine ndimawakonda ndi mtima. Ed Headrick, amene adapanga dengu la maunyolo lija, atamwalira mu 2002 phulusa lake adalisakaniza m'zimbale monga adafunira mwini wake. Nanenso ndalemba kale m'maganizo. Ndikadzapita, mudzandiike mu Buzzz.

NACHISALE: Tamverani zonyansazo! Akuchimuna anu ku Ntcheu akudikira bokosi pabwalo la ndege, ife n'kutsika ndi chimbale m'thumba? Tidzati malemu ndi awa, koma musawasiye padzuwa angapindike?

MBEWE: Adzandiponye kamodzi kokha, kulunjika kumanda.

NACHISALE: Mudzagwera kumanzere, kumanda a mudzi wina.

(Galimoto ikuima. Kugogoda pageti. Galimoto ikunyamuka.)

NACHISALE: Asiya katoni pakhomo panu.

MBEWE: Shii! Tsitsani mawu.

NACHISALE: Muli chiyani?

MBEWE: Mankhwala a msana.

NACHISALE: Mankhwala a msana ochokera kusitolo ya zimbale? Ine ndine namwino, bambo. Zingati?

MBEWE: Zinayi zokha. Zinali zotsitsidwa mtengo.

NACHISALE: Za mtundu wanji?

MBEWE: ...Buzzz. Koma iyi ili ndi chithunzi cha njuchi chachikulu.

MAWU A MAYI MBEWE: (chapatali) Bambo a Tadala! Ndamva galimoto. Kwabwera chiyani?

MBEWE: Ndi katundu wa aneba, mayi! Asokoneza nambala ya nyumba! (monong'ona) Mayi a Chisomo, chonde, tengani katoniyi. Ndidzaitenga Lolemba akapita kuntchito.

NACHISALE: Kusunga ndi zimbale ziwiri.

MBEWE: Chimodzi.

NACHISALE: (mokweza) Mayi a Tadala, tabwerani mudzaone!

MBEWE: Ziwiri! Ziwiri! Koma ya njuchiyo musakhudze.

NACHISALE: Ya njuchiyo ndiye ndayamba nayo.