Sabata imene ndinali khansala

Matenda ofuna ukhansala anandigwira mu 2022, wailesi itanena kuti ndalama za chitukuko za CDF zakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni. Mbamu ya nsima inaima m'malere. Amayi a kunyumba anangoti, "Bambo, ndalamazo n'za dera lonse la phungu, ndipo zili ndi komiti yake. Inu yambani mwalipira ngongole ya makala."

Sindinamve. Lusaka inali ndi mawadi 38, ndiye pa mipando yonse ija ya ku Civic Centre, mumsewu wa Independence, umodzi ungandikane bwanji? Jekete ndili nalo, la paukwati wathu. Mimba nayo inayamba kale kutuluka yokha, popanda thandizo la boma.

Ndinasunga nkhaniyi mumtima zaka ziwiri. Kenako tsiku lina pa nsolo, kwathu ku Kabwata, ndinanong'oneza anzanga awiri kuti chisankho chikubwerachi ndiima. Awiri okha! Pofika Lachitatu ana ankandikuwira kuti "a khansala!" ndipo ine m'malo mokana ndinkakweza dzanja pang'onopang'ono ngati munthu amene waima pa galimoto.

Lachinayi, tambala asanalire, chitseko go go go. Maliro. Pakufunika nkhuni, thumba la ufa ndi lole yopita ku manda a ku Leopards Hill. Ndinapereka ndalama ya magetsi, banja langa n'kugona mumdima. Lachisanu kunabwera mayi wofuna basale ya mwana, mnyamata wofuna puloti, ndi agogo amene nkhuku ya aneba inawadyera chibwabwa. Mlamu wanga anaimba foni kudandaula za dzenje la mumsewu wa ku Chelstone. Nditamuuza kuti kumeneko ndi dera la Munali, si kwanga, anati ndayamba kale kunyada. Ndinasirira khansala wa ku Kabulonga: ndikuganiza kuti kumeneko madandaulo amafika pa kalata, atatayipidwa, dzuwa litatuluka.

Apa m'pamene ndinafunsa kuti kodi khansala weniweni amatani. Akuti amakhala m'misonkhano ya bajeti ndi ya malamulo a mzinda, amanyamula zofuna za komiti ya chitukuko cha wadi kupita nazo ku khonsolo, ndiye zotsalazo ndi ngalande, zinyalala, misika, ngalande, ngalande. Za bokosi la maliro palibe pamene zinalembedwa, koma yesani kunena zimenezo pasiwa.

Ndinasankha ngalande. Tonse tinali tikukumbukirabe kolera ija ya mu Januwale 2024, bwalo la National Heroes litasanduka chipatala, ana atachedwa kutsegulira sukulu. Loweruka ndinaitanitsa anthu kuti titsegule ngalande ya kuseri kwathu. Ndinavala jekete, ndinakwera pa njerwa, ndinalankhula mphindi makumi awiri za anthu opanda khalidwe amene amataya zinthu usiku. Ndinati tikamugwira mmodzi, tidzamuyendetsa msewu wonse atasenza chotayacho.

Anyamata anakoka mabotolo, matewera, tayala. Kenako anagwirana anayi n'kusolola chinthu chachikulu chimene chinatseka madzi onse: matiresi obiriwira, okhala ndi chigamba cha chitenje pakona.

Amayi a kunyumba anayandikira, anaweramira chigamba chija, n'kudzuka bwinobwino.

"Bambo, kodi si matiresi aja munati mwakapereka kwa ana amasiye?"

Msewu wathu ndi wautali. Matiresi onyowa amalemera.