Power supply ndinkaiyesa kabokosi wamba

Ndalama zonse ndinathera pa graphics card, RTX 3070, ndipo za power supply sindinaganizeko n'komwe. Kwa ine kanali kabokosi kachitsulo kolowetsapo waya wa magetsi, basi. Ndinazula ya m'kompyuta yakale, ya 300W, n'kuimanga ndi mtima wonse, kenako n'kuona kuti ilibe chingwe cha mapini 8 cholowa mu card. M'malo moima n'kufunsa odziwa, ndinagula adaputa, ndinalumikiza, kompyuta inayaka, ndinaitana mng'ono wanga kuti adzaone, ndiye gemu itangoyamba sikirini inangoti bii, mafani onse zii, ine thukuta kamukamu, ndikuti mwina magetsi athima, chonsecho babu likuwala pamutu pathu. Manyazi ake ndimawamvabe.

Card imeneyi payokha imadya 220W, ndipo a Nvidia amalangiza power supply ya 650W. Zinalembedwa poyera, ine sindinawerenge.

Nditamva zimenezi ndinaganiza kuti nkhani ndi nambala yaikulu, choncho ndinathamangira yotchipa yolembedwa 700W, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, ndipo kupepukako sikunandiuze chilichonse. Inazimanso gemu ili pakati. Pa sitika yam'mbali, imene ndinaiona mochedwa, panalembedwa kuti 12V imapereka 30A. Kuchulukitsa ziwirizi ndi 360W yokha, pamene card ndi processor zonse zimakoka mphamvu ku 12V komweko.

Chimene chimandiwawa kwambiri chinachitika nditagula yabwino, ya 650W, 80 Plus Bronze, ya modular, yomwe zingwe zake umachita kulowetsa wekha. Chingwe cha SATA chinandiperewera, ndinatenga china chimene ndinapatsidwa kale, cha power supply ya kampani ina, chinalowa bwinobwino mpaka kulira kuti tha, ine n'kukhulupirira kuti cholowa ndiye choyenera, osadziwa kuti kumbali ya power supply kampani iliyonse imasanja mapini mwa njira yake, moti 12V ikhoza kupita pofunika 5V. Nditangodina batani kunamveka kafungo ka pulasitiki wopsa, ndinazula waya kukhoma manja akunjenjemera, koma SSD inali itapita kale.

Mu SSD imeneyo munali zithunzi za ukwati wa achemwali anga, zimene anandisungitsa poti ndine "wa makompyuta" pabanja pathu, ndipo backup ndinalibe. Kompyuta pano ikuyenda bwino, magemu sakuzimanso. Achemwali ndinakawauza ndekha kunyumba kwawo, ndipo anangondifunsa ngati zithunzi za malemu agogo zinali momwemo. Zinali momwemo.