Usipa wa papepala

Mwana wa mlongo wanga akukonzekera mayeso olowera ntchito, aja oyesa ngati mutu umayenda bwino. Poti pamtundu pathu wovala magalasi ndine ndekha, pepala lidagwera ine.

Funso lidati: "Asodzi agula nyali zowala kuposa zakale. Choncho agwira usipa wambiri. Wonena izi akudalira mfundo iti imene sanaitchule?"

Ine wokulira pagombe la Nkhotakota ndidayamba ulaliki. Mwezi ukawala kuti mbee, usipa suyang'anako nyali. Mwera ukauka mu Juni, mabwato amagona pamchenga. Nanga mafuta a injini? Nanga siginala, woyatsa nyali, akadzuka ndi matsire?

"Amalume, mayankho alipo anayi okha, ndipo mwera mulibemo."

Ndidaloza lonena kuti usipa wonse wa m'nyanja umathamangira kuwala. Lidali lonenepa bwino, lokhala ngati la munthu wophunzira. Mnyamata adaseka mpaka kutsokomola. Akuti yankho lodzitama chonchi ndi msampha. Njira yake njakuti uitenge mfundoyo, uikane, uone ngati nkhani igwa. Ukati si usipa wonse umene umatsata kuwala, palibe chasokonekera, wotsatawo ungadzazebe chilimira. Koma kana kamfundo kofatsa kakuti nyali yowala kwambiri imakopako usipa kuposa yofooka, uone: ndalama za nyali zija zamira, nkhani yathera pompo. Kofatsako ndiye yankho.

Ndidadzitonthoza kuti kudalira zosanenedwa kudayamba kale kuno. Livingstone atakhala ndi Jumbe patsinde pa mkuyu m'zaka za m'ma 1860, ankayesa kuti mawu okoma angaletse malonda a akapolo. Malondawo adapitirira mpaka m'ma 1890.

Nzeru yatsopano imayabwa. Tsiku la malipiro ndidafika pakhomo chifuwa chili patsogolo.

"Amayi, ndalandira. Choncho lero tidya mpasa wa mu Bua. Tandiuzani, ndikudalira chiyani chimene sindinanene?"

Mayiwa sadalembepo mayeso otere, koma sadaphethire n'komwe.

"Bambo, mukudalira kuti wakatapila uja sakudziwa tsiku la malipiro."

Ndidaikana mfundoyo monga adandiphunzitsira mnyamata uja: akudziwa. Potembenuka, munthuyo adali atatsamiritsa kale njinga patsinde pa mango, kabuku kali m'manja.

Madzulo ake tidadya kondowole wa chigwada.